Ndemanga ya Assassin's Creed Rogue Remastered: ndinaigula chifukwa cha Lisbon

Ndinagula Assassin's Creed Rogue Remastered ya PlayStation 4 miyezi iwiri yapitayo, ndipo popeza tsopano ndaimaliza, ndati ndilembe zimene ndapezamo, makamaka pofuna kuthandiza amene akuganiza zoigula pa chifukwa chimene ndinali nacho ine. Chimene chinandikopa chinali Portugal. M'magemu akale a mtundu umenewu, monga Brotherhood ndi Revelations, Lisbon, likulu la Portugal, linali dzina chabe pa mapu, kumene unkatumizako anyamata ophunzira ntchito n'kumadikira kuti abwere ndi uthenga. Nditamva kuti mu Rogue munthu amapondamo ndithu mumzindawo, ndinkayembekezera kukumana ndi nthambi ya ku Portugal ya gulu lachinsinsi la ma Assassin, kuona atsogoleri ake, malo awo obisalako, ndiponso mmene ankalimbanirana ndi adani awo, ma Templar.

Zimenezo mulibemo. Shay Patrick Cormac, mwininkhani wa gemuyi, m'modzi wa ma Assassin, mnyamata wa ku New York wa makolo ochokera ku Ireland, amatumidwa ku Lisbon ndi mtsogoleri wake Achilles Davenport kuchokera ku America, ndipo akafika kumeneko sachita ntchitoyo ndi abale a gululo a m'dzikomo. Munthu amatsala ndi funso lakuti kodi eni dera anali kuti pamene mlendo ankalowa pansi pa tchalitchi chawo. Lisbon yense ndi gawo limodzi lalifupi, ndipo ukalimaliza sungathe kumayendayenda momasuka m'misewu yake monga umachitira ku New York.

Komabe sindikudandaula ndi ndalama yanga, ndipo chifukwa chake ndi gawo lalifupi lomwelo. Limachitika pa 1 Novembala 1755, tsiku la Oyera Mtima Onse, m'tchalitchi cha Carmo, Misa ili mkati. Shay amakwera mwakachetechete m'zipilala ndi m'mitanda ya denga, anthu akupemphera pansi osadziwa kanthu, kufunafuna zizindikiro zinayi zimene zimatsegula khomo lobisika. Akatsikira kunsi amapeza kanthu konyezimira kamene anatumidwa kudzatenga, koma akangokanyamula kamafumbutuka m'manja mwake, nthaka n'kuyamba kugwedezeka. Kuchokera pamenepo palibenso mdani woti umenyane naye, ntchito ndi kuthawa basi. Msewu umang'ambika patsogolo pako, nyumba imene wangodutsamo imagwa kumbuyo, denga limene watsamirapo limapendekeka n'kukutsetsereza, moto ukuyaka uku ndi uku, anthu akukuwa mu Chipwitikizi, mpaka Shay amadziponya m'madzi. Ulendo woyamba ndinafa kangapo konse chifukwa maso anga anali pa anthu ogwidwa ndi zipupa m'malo moyang'ana podumphira.

Chivomezi chimenechi chinachitikadi, m'mawa wa tsiku lomwelo, ndipo chinatsatana ndi mafunde aakulu ochokera kunyanja komanso moto umene unayaka masiku angapo, anthu zikwi makumi angapo n'kutaya miyoyo. Tchalitchi cha Carmo, chimene Nuno Álvares Pereira, mkulu wa asilikali a ku Portugal, anayambitsa mu 1389, chilipobe mpaka lero chopanda denga, ndipo mabwinja ake anasanduka nyumba yosungiramo zinthu zakale. Ndivomereze kuti poyamba zinandivuta kuona tsoka lenileni lotere likusandutsidwa cholakwa cha munthu wongopeka, koma olemba nkhaniyi sanalitenge mopepuka. Lisbon ndiye msana wa gemu yonse. Shay amabwerera ku America atakwiya, amauza Achilles kuti wamuphetsa anthu osalakwa, ndipo poona kuti akuluakulu ake sakufuna kusiya kusaka malo ena ngati amenewo, ngakhale kuti chivomezi china chinali chitagwetsa kale mzinda wa Port-au-Prince, ku Haiti, mu 1751, amaba buku lolozera malowo n'kuthawa. Pambuyo pake amalowa gulu la ma Templar, ndipo wosewera amayamba kusaka anthu amene ankadya nawo mbale imodzi, monga Hope Jensen ndi Liam O'Brien. Popanda zimene maso ako anaona ku Lisbon, kusintha mtima kumeneku kukanaoneka ngati kuukira wamba, koma chifukwa unathamanga wekha m'mabwinjamo, umamumvetsa.

Mbali yotsalayo ndi ya panyanja kwambiri. Sitima ya Shay, Morrigan, imayenda bwino m'nyanja yozizira ya kumpoto kwa Atlantic ndi m'mitsinje, imaswa madzi oundana, imathira mafuta oyaka kumbuyo pofuna kutentha adani otsatira, ndipo amene anasewerapo Black Flag, gemu ina ya Assassin's Creed, sadzavutika kuzolowera, mwinanso adzaona kuti zambiri n'zobwereza. Chatsopano chimene chinandisangalatsa n'chakuti tsopano ndiwe wosakidwa: ma Assassin amabisala m'tchire ndi pamadenga, ndipo chenjezo lako ndi manong'onong'o amene amakula ukamayandikira pamene abisala. Nkhani yaikulu ndi yaifupi, moti anthu ena ofunika amafa usanawadziwe mokwanira. Gemuyi inatuluka koyamba mu 2014 pa PlayStation 3 ndi Xbox 360, ndipo ngakhale kuti yokonzedwanso ya 2018 ili ndi zithunzi zowala bwino, nkhope za anthu ndi kamenyedwe ka lupanga zimaonetsabe msinkhu wake.

Amene akufuna nkhani ya ma Assassin a ku Portugal enieniwo asagule gemuyi pa chifukwa chimenecho chokha. Amene akufuna kuona mmene Shay anatembenukira aigule, ndipo akafika pa gawo la Lisbon avale mahedifoni, chifukwa phokoso la pansi pa nthaka ndi kulira kwa anthu sizimveka mokwanira pa sipika ya wailesi yakanema. Gawolo limatheka kulibwereza, ndipo ine ndalibwereza katatu.