Maphunziro a Sayansi a Loweruka ku Chitakale: Zimene Ndinaona

Mayi wina amene anapuma ntchito ya uphunzitsi amasonkhanitsa ana a Sitandade 5 mpaka 8 pakhonde la nyumba yawo ku Chitakale, m'boma la Mulanje, Loweruka lililonse m'mawa, ndipo amawaphunzitsa sayansi pa mtengo woti ngakhale kholo lothyola tiyi likhoza kukwanitsa. Mdzukulu wanga amaphunzira kumeneko, choncho ndinapempha kuti ndikhale nawo pa tsiku limene ankaphunzira za kusungunuka kwa zinthu m'madzi.

Zipangizo zawo n'zapakhomo: matambula oonekera mkati, masupuni, mchere, shuga, mchenga, ufa woyera ndi mafuta ophikira. Mwana asanathire kanthu m'madzi, aphunzitsiwo amayamba amufunsa zimene akuganiza kuti zichitika. Pa ufa ndi pamene ndinaona luso lawo. Ana ambiri ananena kuti ufawo wasungunuka chifukwa madzi anayera, koma mayiwo sanawatsutse. Anangoika tambulayo pambali n'kupitiriza ndi zina, ndipo patapita kanthawi ana anaona okha ufa utadikha pansi, pamene madzi a mchere anali adakali oonekera mkati, opanda chodikha pansi. Mnyamata wina atanena kuti mchere watheratu, anadontheza madziwo pa chivundikiro cha poto n'kuchiika pa mbaula, madzi n'kuuma, mchere n'kutsala poyera.

Gawo la kusukulutsa analiyamba ndi Sobo, kuwonjezera madzi pang'onopang'ono kuti ana aone mtundu ukuzilala, kenako anafika pa zinthu zokhudza moyo. Paketi imodzi ya Thanzi ORS imafuna lita imodzi ya madzi aukhondo: madzi akachepa, mchere umachuluka ndipo ukhoza kumuvulaza mwana wotsegula m'mimba, akachuluka, chakumwacho chimatha mphamvu. Anafotokozanso kuti WaterGuard amathira muyeso wa kachitsekero ka botolo lake mu ndowa ya malita 20 n'kudikira mphindi 30. Kwa ife amene tinaona kolera wa mu 2022 ndi 2023, komanso madzi oipa amene namondwe Freddy anatisiyira mu Malichi 2023, phunziro limeneli ndi lofunika kuposa mayeso a MANEB amene makolo ambiri amatumizira ana kumeneko.

Pali zimene sizinandikhutiritse. Mayiwo anauza ana kuti madzi otentha amasungunula chilichonse chochuluka, zimene ndi zoona pa shuga koma osati kwenikweni pa mchere. Mamililita 100 a madzi amalandira pafupifupi magalamu 36 a mchere, ndipo kuwatenthetsa kumangowonjezera pang'ono chabe, pamene shuga amalowa pafupifupi magalamu 200 m'madzi ozizira omwewo, n'kuposanso kwambiri akatentha. Mfundo yakuti madzi amafika pokhuta, osasungunulanso mchere kapena shuga wina, anangoidutsa mothamanga, chonsecho inali yosavuta kuionetsa ndi supuni zomwezo. Chinandidetsa nkhawa kwambiri ndi kulawitsa ana ambiri ndi supuni imodzi, makamaka pa tsiku limene botolo la mankhwala a m'madzi linali patebulo pomwepo.

Ana ndi ochuluka kuposa matambula, moti ochedwa amangoonerera kumbuyo. Kholo lofuna kutumiza mwana limupatse tambula ndi supuni yakeyake, ndipo afike phunziro lisanayambe kuti apeze malo pafupi ndi tebulo.