Ndemanga: Lexus LS 460 m'misewu ya m'Chigwa cha Shire

Galimoto imene ndikuinena ndi Lexus LS 460 ya mchaka cha 2008, imene ndinaigula yogwirapo kale ntchito kuchokera ku Japan, ndipo inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno kudzera pa chipata cha Songwe. Ndimakhala ku Nchalo, ndipo maulendo anga ambiri ndi a ku Blantyre, ku Ngabu, ku Bangula, mwa apo ndi apo mpaka ku Nsanje. Ndaiyendetsa m'nyengo yotentha ndi ya dzinja yomwe, choncho ndikuona kuti ndikhoza kuthandiza amene akuiganizira, makamaka anzanga a kuno kuchigwa amene misewu yathu amaidziwa bwino.

Mtundu wa LS ndiwo umatsogolera galimoto zonse za Lexus kuyambira mu 1989 pamene LS 400 inatuluka, ndipo LS 460 inayamba kugulitsidwa mu 2006. Ili ndi injini ya V8 ya malita 4.6, yoyendetsa matayala akumbuyo, komanso magiya 8 osintha okha, chinthu chimene pa nthawiyo chinali chachilendo pa galimoto zogulitsidwa kwa anthu. Kutalika kwake kumapitirira pang'ono mamita 5, ndipo imalemera pafupifupi matani 2.

Kwa ife a kuno, ubwino wa galimoto umayambira pa kuzizira kwa mkati. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo mphepo yolowera pa windo imakhala yotentha m'malo mopereka mpumulo, eyakoni ya galimotoyi imagwira ntchito modabwitsa. Ndikaisiya padzuwa pa Dyeratu, chiwongolero n'kutentha mpaka osagwirika, mkati mumakhala mutazizira ndisanayende mtunda wautali. Mipando yake ndi yachikopa chokhala ndi timabowo ting'onoting'ono momwe mumatuluka mpweya wozizira, moti munthu amatsika ku Nsanje malaya ali ouma kumsana, zimene aliyense amene anayendapo msewu umenewu masana akudziwa kuti si nkhani yamasewera. Kumbuyo kuli nsalu yotchinga dzuwa imene imakwera yokha mukadina batani, ndipo amayi anga, amene msana umawavuta ndipo kale ankakana maulendo aatali, tsopano amagona tulo kuchokera pa Thabwa mpaka m'tauni.

Chinthu china chimene ndimachiyamikira kwambiri ndi bata. Injini ikamalira galimoto itaima, simuimva konse, ndipo pa liwiro la makilomita 80 pa ola anthu amacheza motsitsa mawu popanda wina kufunsa kuti mwati chiyani. Ngakhale pamene mukupitirira thirakitala yokoka nzimbe kufupi ndi minda ya Illovo, phokoso lake limamveka ngati lili patali. Bata limeneli lili ndi ngozi yake, chifukwa liwiro limakwera dalaivala osazindikira, pamene msewu wa M1 kuno ndi wa aliyense: mbuzi, ng'ombe, ngolo, akabaza ndi ana a sukulu. Ndinazolowera kuyang'ana pa geji pafupipafupi m'malo modalira makutu.

Pa mapiri a Chikwawa ndi pamene galimotoyi imaonetsa chimene inapangidwira. Msewu umenewu umatsika mamita pafupifupi 900 kuchokera ku Blantyre kufika kuchigwa, ndipo makona ake akhala akuvuta madalaivala ambiri. Pokwera, mphamvu imabwera mosavuta, magiya amasintha osamveka kugunda, ndipo kupitirira lole yolemedwa pamalo pololedwa kumatenga kanthawi kochepa zedi. Potsika ndimaika giya pa S n'kusankha yotsika kuti injini ithandize kugwira galimoto, chifukwa matani awiri akadalira mabuleki okha kuchokera pamwamba mpaka pa Thabwa, mabulekiwo amatentha ngakhale akhale abwino motani.

Za luso lamakono mkatimu ndinene mwachidule, chifukwa zina n'zothandiza pamene zina zinapangidwira dziko lina. Kamera yoonera kumbuyo ndi masensa olira mukayandikira chinthu ndi zofunika pa galimoto yaitali chonchi, makamaka pa msika pamene njinga zimaimikidwa paliponse. Koma popeza yanga inapangidwira msika wa ku Japan, zolemba zonse pa sikirini zili m'Chijapani, mapu ake sadziwa Malawi, ndipo wailesi imagwira kuyambira 76 kufika 90 MHz basi, moti nyumba zambiri zoulutsira mawu za kuno sizimveka mpaka mutaikitsa kachipangizo kowonjezera. Zimenezi si vuto la galimoto, koma wogula ayenera kuzidziwa asanaitanitse.

Tsopano nkhani yaikulu, imene ndi kudalirika. Pano ndiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri, chifukwa anthu akamati galimoto ndi yolimba nthawi zambiri amanena injini, n'kuiwala miyendo imene yanyamula injiniyo. Injini ndi giyabokosi sizinandikhumudwitsepo. Imalira kamodzi m'mawa uliwonse, sinatenthepo ngakhale pokwera mapiri masana eyakoni ikugwira ntchito, ndipo popeza imagwiritsa tcheni m'malo mwa lamba wa taimingi, nkhawa yosintha lambayo palibe. Chimene imafuna ndi oyilo wabwino, woposa malita 8 pa sevesi iliyonse, komanso kusamala mafyuluta a mpweya, amene ndi awiri. Fumbi la kuno m'chilimwe ndi losalala ngati ufa woyera, ndipo mafyulutawo ndimawapeza atada nthawi yolembedwa m'buku isanakwane, choncho ndimawasintha msanga.

Kunsi kwa galimoto ndi kumene kumafuna mtima wodekha ndi thumba lokonzeka. Yanga ili ndi mashoka a mpweya m'malo mwa masipuling'i achitsulo, ndipo ndi amene amachititsa kuti maenje ang'onoang'ono asamveke mkati. Koma mphira wa mashokawa ukakalamba, n'kukumana ndi kutentha ndi mabampu a kuno, umayamba kutaya mpweya. Amene anandithandiza kuitanitsa ananditsimikizira kuti zonse zinali bwino, koma pasanapite nthawi ndinayamba kuipeza m'mawa itagwada kutsogolo kumanzere, tayala litabisala mkati, n'kumadzuka pang'onopang'ono injini ikalira. Kutsogolo kulinso mikono yambiri yogwira matayala, uliwonse uli ndi mabushi ake (timphira tofewetsa kugunda), ndipo mabushi amenewa akatha mumamva kugogoda pa mabampu komanso matayala amadyeka mbali imodzi. Zipangizo zimenezi sizipezeka pa Nchalo kapena pa Ngabu, ndipo ngakhale ku Blantyre kawirikawiri mumauzidwa kuti mudikire zichokere ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku Japan. Amakaniko athu kuno ndi aluso pa Hilux ndi pa minibasi, ndipo ndimawalemekeza, koma galimotoyi imafuna kompyuta yopimira kuti vuto lidziwike, ndiye kachinthu kakang'ono kakayaka pa dashibodi, ulendo wa ku Blantyre wayambika.

Ndiyeneranso kunena mosabisa kuti iyi ndi galimoto ya pa phula. Ili pansi kwambiri, ndipo ngakhale ili ndi batani loikweza pang'ono, kukwera kwakeko sikukwanira pa msewu wokumbika ndi madzi. Chiyambire namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, malo ena kuchigwa kuno anaonongeka kwambiri, ndipo pamene msewu wapatutsidwa kudutsa mu mchenga kapena m'khwawa, ndimayenda mtima uli m'mwamba kuopa kugunditsa kunsi. Madzi ndiwo mdani wake wamkulu, chifukwa mawaya ndi timakompyuta n'zambiri, ndipo madzi akalowa mkati kuonongeka kwake kukhoza kuposa mtengo wa galimoto. Kutsidya kwa Shire, njira ya ku Livunzu ndi ku Makhanga, sindipitako nayo m'dzinja. Kumeneko ndimatenga pikapu.

Petulo imamwa monga mmene injini ya V8 iyenera kumwera. Pa msewu wautali, ndikamayenda modekha, ndimapeza makilomita 8 kapena 9 pa lita, koma m'tauni ndi pa mapiri chiwerengerocho chimatsika kwambiri. Thanki yake ndi ya malita 84, zimene zimathandiza nthawi imene mafuta akusowa chifukwa mukadzaza kamodzi mumapita ku Nsanje n'kubwerera mopanda nkhawa, ngakhale kuti kudzazako kumapweteka m'thumba. Msonkho wolowetsera m'dziko nawonso ndi waukulu chifukwa umakwera potengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, moti mtengo wotsika umene mumauona pa intaneti usakupusitseni.

Kwa munthu amene maulendo ake ndi a pa M1, amene ali ndi galimoto ina ya kumudzi ndi kumunda, komanso amene angathe kusunga ndalama yapadera ya zipangizo, ndikuivomereza ndi mtima wonse, ndipo ine sindikuganiza zoigulitsa. Kwa amene akufuna galimoto imodzi yochita zonse, ndikumulangiza kuti ayang'ane kwina. Amene watsimikiza kugula afunefune yokhala ndi masipuling'i achitsulo, chifukwa zilipo, ndipo kufewa kumene angataye n'kochepa poyerekeza ndi nkhawa imene angaipewe. Ngati yapezeka ndi ya mpweya ndipo ili kale m'dziko muno, apemphe kuti igone usiku wonse pamalo osalala, m'mawa ayese kutalika kwa ngodya zonse zinayi injini isanalire, kenako aikweze pa galaja kuti mabushi akutsogolo aonedwe asanapereke ndalama.