Roketi ya Big Bertha ndi yabwino, koma mnyamata wa mushopu anatinamiza

Nyenyezi 4 ndapereka chifukwa cha roketiyo. Zikanakhala za mnyamata amene ananditumikira, sindikanapereka ngakhale imodzi.

Ndinagulira mwana wanga wa zaka 11 roketi ya Big Bertha ya kampani ya Estes, roketi yoseweretsa yomanga wekha n'kuiulutsa, m'shopu ina kuno ku England. Mtengo mukuudziwa, si wamasewera ukaphatikiza choimikapo, choyatsira ndi mainjini amene amagulitsidwa padera. Kumanga kunatitengera madzulo atatu: kupala zipsepse zinayi za thabwa lopepuka la balsa ndi sandipepa, kuzimata ndi guluu wa matabwa, kudikira kuti chimodzi chiume tisanaike china. Mwanayo anakana mtundu wa pabokosi, anaipenta yakuda, yofiira ndi yobiriwira ngati mbendera ya kumudzi.

Tsiku logula ndinafunsa wadding, timapepala tosagwira moto timene amaika pakati pa injini ndi parachuti. Mnyamatayo, maso ali pa foni, anati tatha koma tishu wamba amagwira ntchito yomweyo. Ndinabwerezanso kufunsa, anangogwedeza mutu. Bodza lenileni! Injini ikamaliza kukankha imadikira pang'ono, kenako imalavula mpweya wotentha m'kati mwa chubu kuti mutu wa roketi uchoke ndipo parachuti atuluke. Pa injini ya B6-4, nambala 4 ija ndi masekondi odikirawo. Munthu wogulitsa zinthu zimenezi tsiku ndi tsiku sangalephere kudziwa zimenezo.

Loweruka tinapita kubwalo lalikulu. Roketi inanyamuka bwino, mwana akudumphadumpha. Itafika pamwamba mutu unachokadi, koma parachuti wa pulasitiki anatuluka atasungunuka n'kumatana ngati chingamu. Inagwa pansi mwamphamvu, chipsepse chimodzi n'kuthyoka. Kachidutswa ka tishu kanatera pa udzu kakufuka utsi, ndinachita kuthamangira kukakaponda. Ukanakhala udzu wouma bwenzi tikukamba nkhani ina. Njira yonse yobwerera mwana sanalankhule, anangoifungatira roketi yake.

Lolemba nditabwererako mnyamata uja anati ndikanawerenga malangizo. Ndinawerenga, n'chifukwa chake ndinafunsa!

Amene anandiziziritsa mtima ndi mayi wachikulire, mwini shopuyo, amene anatuluka atamva phokoso. Sanakangane nane. Anapepesa, anandipatsa parachuti watsopano, ndipo wadding anandiitanitsira osandilipiritsa. Anandionetsanso kapindidwe ka parachuti kuti zingwe zisakolane, ndi kumuwaza paudala pang'ono kuti asamatane kukazizira.

Chipsepse tinachimata, tinapaka guluu wina m'mbali mwake ndipo chalimba kuposa kale. Taiulutsa kasanu tsopano. Chimene ndaikondera roketi imeneyi n'chakuti ndi yonenepa komanso yaitali pafupifupi masentimita 60, choncho imanyamuka modekha moti umaiona ndi maso kuyambira pansi mpaka pamwamba. Pa injini ya C6-5 imafika cha m'mamita 150, koma kukakhala kamphepo gwiritsani B6-4, apo ayi mukaitola mumtengo. Ikani mabatire atsopano m'choyatsira, akale anatikanika kawiri.

Mainjini ndizikagulabe komweko, koma ndizidikira mayi aja kuti anditumikire okha.