Maikulosikopu ya kuwala kapena SEM powerenga tizikwa ta ndere zagolide?

Anzanga amene mwayamba kumene kugwira matope a m'madambo a kumpoto kwa dziko lapansi, mwandifunsa kokwanira: tizikwa timeneti tiziwerengera pa maikulosikopu ya kuwala, kapena tilipire SEM, maikulosikopu yamphamvu yoonera ndi ma electron m'malo mwa kuwala? Ndiyankhe kamodzi pano.

Kwa amene simunatione, ndere zagolide, za gulu la chrysophytes, zikafuna kugona zimadzimangira kachikwa ka silika (chinthu cholimba chonga galasi), kobulungira ngati mkanda, kokhala ndi kabowo kamodzi kotsekera. Akatswiri amati stomatocyst. Tambiri timakula ma micrometre apakati pa 2 ndi 30 basi (milimita imodzi ili ndi ma micrometre 1000). Nderezi zimakonda madzi ozizira, a asidi, osowa chakudya, n'chifukwa chake m'madambo a Sphagnum (timera tofewa toyala pansi, moss pa Chingerezi) a ku Canada, Finland ndi Siberia tizikwa timachita kuwirira, ndipo timakhala m'matope zaka masauzande.

Maikulosikopu ya kuwala ndi khasu langa la tsiku ndi tsiku. Kagalasi komata ndi guluu wapadera wotchedwa Naphrax, kadontho ka mafuta, kukuza ka 1000, ntchito yayamba. Ngati mukungofuna kuchuluka kwa tizikwa poyerekeza ndi ma diatom (ndere zina zokhala ndi zikamba za silika), njira imene John Smol wa ku Queen's University adalimbikitsa mu 1985, musapitirire pamenepa. Imakwana.

Imagwa mukafunsa kuti mitundu ilipo ingati. Tizikwa tosalala, topanda minga kapena mizere, timaoneka ngati ana a mayi mmodzi, ndiye umangotiunjika m'magulu potengera kukula. Kusiyana kwake kumabisala pakhosi pozungulira kabowo, ndipo galasi la kuwala silifika bwino pamenepo. Ine ndidawerenga miyezi iwiri ndikukhulupirira kuti dambo langa ndi losauka, chonsecho m'gulu limodzi ndidali nditathiramo mitundu ingapo.

SEM idanditsegula maso, zimenezo sindikana. Khosi lalitali, lalifupi, lapawiri, minga yopindika, zonse poyera. Ndiponso tizikwa tambiri sitidziwika kuti mayi wake ndi ndere iti, moti timangopatsidwa manambala, monga mmene zilili mu Atlas of Chrysophycean Cysts ya 1995. Malangizo amene Cronberg ndi Sandgren adalemba mu 1986 amadalira zithunzi za SEM pofotokoza mtundu watsopano. Pamenepo palibe kuzemba.

Koma mtima wanga udakali ndi chilonda. Kumalo ena amene ndidabwereka makinawa adandiuza mtengo wa pa ola, ine n'kukonza bajeti yanga mosangalala. Sadandiuze kuti kukuta zitsanzo ndi golide zisanalowe mu SEM kuli ndi mtengo wakewake, kuti katswiri wokhala pambali pako naye amalipiridwa padera, ndiponso kuti nthawi imayamba kuwerengedwa pamene makina akupopa mpweya, iwe usanaone kanthu. Bilu itafika ndidakhala chete nthawi yaitali.

Chidandiwawa koposa n'chakuti tsiku loyamba lidapita pachabe. Matope a Sphagnum ndi ouma mutu. Ndidawaphika mu hydrogen peroxide ya 30 peresenti, ndikuyesa kuti ayera, koma pa sikirini padadzaza zinyenyeswa za masamba zitaphimba timabowo tomwe ndinkafuna kuona. Kachikwa kena kakagwa chafufumimba, kabowo pansi, kamangokhala kampira kopanda dzina. Pa galasi la kuwala ukhoza kutsitsa diso pang'onopang'ono mpaka kabowo kataonekera kudutsa m'kati. SEM imaona kunja kokha. Katswiri uja adaona vutolo m'mphindi zoyamba, koma sadanene kuti tiime. Maola onsewo ndidalipira.

Ndiye ine ndimaima ndi ya kuwala, ndipo ndikuvomera kuti bilu ija ili ndi mbali yake pa chisankhochi. Ndimawerengera zitsanzo zonse pamenepo, n'kusankha zochepa zoyera bwino, zimene ndayamba ndaziona ndekha pa kagalasi, kupita nazo ku SEM kukamasula magulu a tosalala aja. Musanasungitse tsiku, pemphani mtengo wonse wolembedwa, wa golide ndi wa katswiri womwe, ndipo mufunse kuti wotchi imayamba nthawi yanji.