Ngongole ya achimwene inandikanitsa loni: ndemanga yanga pa kakonzedwe ka lipoti la CRB

Ndikupereka nyenyezi 3 mwa 5, ndipo zitatuzo ndi za mayi wina wa pa desiki ya maloni ku banki yanga mtauni muno mu Mzuzu komanso mnyamata amene ankandiyankha maimelo ku kampani ya CRB (Credit Reference Bureau), yosunga mbiri ya ngongole za anthu. Ziwiri zotsalazo ndachotsa chifukwa cha bungwe lobwereketsa ndalama lomwe linalakwitsa zinthu, komanso chifukwa choti amene sanalakwe ndi amene amayenda, kulipira transipoti ndi kutseka bizinesi. Sinditchula mayina awo, cholinga changa sikunyoza munthu ayi, koma neba wanga kuno ku Chibavi zamuchitikiranso sabata yathayi zomukaniza loni chifukwa cha ngongole ya wachibale wa dzina lofanana, ndiye ndaona kuti bola ndilembe anthu adziwe poyambira.

Ine ndili ndi kabutchala kakang'ono, ndimagulitsa ya ng'ombe ndi ya mbuzi. Mu September 2023 firiji yanga yakale inayamba kuvuta, magetsi akangozima pang'ono nyama yonse yafewa, ndiye ndinapita ku banki kukapempha loni yoti ndigule deep freezer yaikulu. Mafomu ndinadzaza, fotokope ya ID, sitetimenti ya miyezi 6, laisensi ya kukhonsolo, zonse zili bwinobwino. Patapita sabata anandiimbira kuti ndibwere. Mayi aja anandikhazika pansi mwaulemu ndithu nkunena kuti bambo pepani, lipoti lanu la CRB likuonetsa kuti muli ndi ngongole yomwe simunabweze kuyambira 2016, ku bungwe lina ku Kasungu. Mutu unangoima. Ine 2016 ndinali konkuno ndikugwira ntchito mu butchala ya munthu wina ku Luwinga, ndipo chibadwire sindinakongolepo kubungwe lililonse, ngakhale banki mkhonde sindinalowepo.

Ndili mu minibasi pobwerera ndi pamene ndinakumbukira achimwene. Ndi mwana wa bambo aakulu, tonse awiri anatitcha dzina la agogo aamuna, ndiye dzina loyamba ndi limodzi, la bambo ndi limodzi, mudzi umodzi, T/A mmodzi, boma limodzi, ndipo timasiyana zaka ziwiri zokha. Kumudzi palibe amasokoneza, iwo amawatcha aakulu ine wa ku Mzuzu basi. Koma papepala ndife munthu mmodzi. Ndipo taganizani a Banda, a Phiri, a Mwale, a Nyirenda, a Gondwe alipo angati dziko lino omwe ali ndi msuweni kapena bambo aang'ono a dzina lomwelo, nkhani iyi si ya ine ndekha.

Kwa amene simukudziwa, CRB ndi makampani osunga mbiri ya ngongole za anthu, amagwira ntchito motsatira lamulo la Credit Reference Bureau Act la 2010 ndipo laisensi amatenga ku Reserve Bank of Malawi. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa amatumiza kumeneko kuti uje anakongola zakuti, akubweza bwino kapena wasiya, ndiye ukapita kwina kukapempha loni amayamba aona kaye kumeneko. Chimene ine sindinkadziwa, chomwe chinanditayitsa masabata awiri ndikulalatira anthu olakwika, ndi choti a CRB sapeka okha zimene zili mu lipotimo, amalemba zomwe atumiziridwa. Ndiye sangangofufuta chifukwa iwe walumbira pafoni kuti si iwe. Amayenera afunse kaye amene anatumiza uja, ndipo ameneyo ndi amene ayenera kuvomera kuti analakwitsa. Izi anandifotokozera ndi mayi a ku banki aja, anachita kundijambulira papepala ndi bolopeni kuti nkhani imayenda chonchi, nkundiuza kuti ndiitanitse lipoti langa ndione ndi maso anga, ndilembe kalata yodandaula, ndipo china chilichonse ndizisunga kope. Sinali ntchito yawo kwenikweni, akanatha kungoti loni yakanidwa pitani. Mayi amenewo Mulungu awadalitse.

Mbali ya CRB ndinena chilungamo. Foni yawo inali yovuta, kuimba kangapo osayankhidwa, mayunitsi kumangotha. Koma imelo ankayankha, tsiku lachiwiri yankho linali litabwera, anandiuza zoti nditumize ndipo lipoti ndinalilandira. Nditaliwerenga ndinaona pamene panagona nkhani. Pa ngongole ija panalibe nambala ya ID, chaka chobadwa chinali cha achimwene, koma nambala ya foni inali yanga. Achimwene potenga loni anapereka nambala yanga ngati ya wachibale woti nkumufunsa, ndiye wolemba uja anaiika pamalo pa nambala ya mwini ngongole. Dzina lofanana, mudzi wofanana, foni yanga, sisitimu inangotimanga mtolo umodzi.

Za ID zo nzomveka, nthawi imeneyo zitupa za unzika kunalibe, kalembera wamkulu wa NRB, bungwe la boma lopereka ma ID, anachitika 2017. Zisanabwere anthu ankakongola ndi kakhadi kovotera kapena kalata ya amfumu. Koma apa ndi pamene ndikuwadandaula obwereketsawo, kuchokera 2017 kufika 2023 ndi zaka 6, analephera bwanji kuitana makasitomala awo akale kuti abweretse ma ID akonze mafayilo? Nambala ya ID ndi yomwe imasiyanitsa anthu, palibe awiri ali ndi nambala imodzi ngakhale mutakhala mapasa.

Ndinatumiza kalata yodandaula pamodzi ndi fotokope ya ID, a CRB anayankha kuti alandira ndipo alembera obwereketsa aja. Kenako zii. Sabata, masabata awiri, atatu. Ndikafunsa mnyamata uja ankayankha ndithu kuti bambo sanatiyankhebe takumbutsanso, ndipo ndimamuyamikira chifukwa sanandinamizepo kuti mawa zitheka. Ndikaimba ku bungwe lija ku Kasungu amati amene amaona zimenezo watuluka, mawa lake akuti fayilo ndi yakale ili ku sitolo, tsiku lina akuti bwerani nokha.

Chovuta kwambiri pa nkhani yonseyi sichinali mapepala, chinali kuwaimbira achimwene. Munthu ndi mkulu wanga, anandilipirirako fizi ndili Form 3, ndiye ndiyambe bwanji kuwafunsa za ngongole. Ndinazengereza masiku anayi. Nditaimba anakhala chete kanthawi kenako anati mphwanga undikhululukire, sindinadziwe kuti zingafike kwa iwe. Anatenga loni ya feteleza kumapeto kwa 2015 kuti alime fodya ndi chimanga, ndiye mukukumbuka chilala cha El Niño chaka chimenecho mvula inadula, zokolola za 2016 sizinabweze ngakhale theka, anabwezako pang'ono nkulephera, anthu aja anabwera kawiri kenako anasiya ndiye iwo ankaganiza kuti nkhani inatha. Sanabe, sanandinamizire dala, ndipo ine sindinawakwiyire. Anangoti bwera tipitire limodzi.

Ndinatseka butchala masiku awiri, kukwera basi m'mamawa kudutsa Chikangawa kuli chifunga chokhachokha, Jenda, mpaka Kasungu, makilomita opitirira 200. Ndisananyamuke ndinali nditapanga afidaviti kwa loya mtauni muno, kulumbira kuti ine ndi uje wa nambala ya ID yakuti, wobadwa tsiku lakuti, ndipo si ine ndinakongola. Ku ofesi kuja tinakhala pa benchi kuyambira 10 koloko mpaka cha m'ma 2, achimwene atagwira chipewa m'manja osayankhula. Fayilo itapezeka nkhani inatha mu mphindi 5, chifukwa pa fomu yakaleyo panali chithunzi cha achimwene ndi siginecha yawo. Tinaika ma ID awiri patebulo, ofisala anayang'ana nkuti eya zoona ndi anthu awiri. Mphindi 5 abale, zimene akanatha kuchita yekha mwezi wathunthu m'mbuyomo atangotsegula kabati. Ndinakana kuchoka popanda kalata, ndinati mundilembere pompano yokhala ndi sitampa yonena kuti ngongoleyi si yanga, ndipo analemba ngakhale monyinyirika. Ngati mungaiwale zonse ndalembazi musaiwale kalata imeneyi, mawu apakamwa oti tikonza alibe ntchito mukangotuluka pakhomo.

Ndinkaganiza kuti zatha koma ayi. Kalata ndinatumiza ku CRB, iwo anati yafika koma akudikirabe kuti obwereketsawo atumize okha zokonzedwazo kudzera njira yawo. Masabata ena awiri. Apa ndi pamene ndinalemba imelo ku bungwe lija, mwaulemu, kunena kuti ngati pofika Lachisanu sizikonzedwa ndikatula dandaulo kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, amene amayang'anira mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndipo amalandira madandaulo a makasitomala. Nthambi ya Reserve Bank ilipo konkuno ku Mzuzu, sindikanafunika nkomwe ulendo wa ku Lilongwe kuti ndikafunse. Sindinafikeko, chifukwa Lachinayi lake anandiimbira kuti atumiza. Ndinaitanitsanso lipoti kuti nditsimikize, ndipo inunso muzitero musamangokhulupirira, ndinapeza ngongole ija yachoka pa dzina langa.

Loni inatuluka mu December. Koma pakati apo, mu November 2023, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndiye firiji yomwe ndinaiona mu September mtengo wake unali utathawa kutali, ndalama zomwe ndinapempha sizinakwanenso. Ndinagula yocheperako. Palibe anandipepesa pa zimenezo, palibe anandibwezera ya basi kapena ya loya, ndipo nchifukwa chake nyenyezi ziwiri zija sindipereka. Chimene ndikanakonda ndi choti munthu akangodandaula ndi ID m'manja, obwereketsa azipatsidwa masiku owerengeka oti atsegule fayilo ndi kuyankha, ndiponso a CRB asamalumikize ngongole kwa munthu pongoona dzina ndi foni pamene chaka chobadwa chikusiyana poyera. Pano kulinso lamulo la Data Protection Act la 2024 lokhudza kasungidwe ka mbiri za anthu, ndiye amene mukudandaula panopa muli ndi poimira pena pomwe ine ndinalibe nthawi ija.

Kwa amene muli ndi wachibale wa dzina lanu, makamaka ngati anakongolapo 2017 isanafike, itanitsani lipoti lanu musanafune loni, osadikira tsiku lomwe firiji yafa. Yang'anani nambala ya ID, tsiku lobadwa ndi nambala ya foni pa ngongole iliyonse yomwe ili mmenemo. Ndipo mukamapereka nambala ya m'bale wanu pa fomu onetsetsani kuti wolembayo waiika pa mzere wa wachibale.

Achimwene anagwirizana nawo obwereketsa aja tsiku lomwe tinali ku Kasungu lija kuti azibweza pang'onopang'ono akagulitsa fodya, ndipo fayilo yawo anaikapo nambala ya ID yawo ine ndikuona. Neba wanga uja yake ndi ya bambo ake omubereka, dzina limodzi, iwo ali ku Ekwendeni. Ndamupatsa kope ya kalata yanga yodandaula ija kuti aonere kalembedwe, Lolemba tikupitira limodzi kwa loya.