Whisper kapena MMS: ndani angamve Chinyanja cha ku Lusaka?

Amene tikupanga mapulogalamu omvera mawu (omva zimene munthu walankhula n'kuzilemba) kuno ku Lusaka timangozungulira pa zida ziwiri, Whisper ya OpenAI ndi MMS ya Meta.

Whisper inatuluka mu 2022, itaphunzitsidwa ndi mawu ojambulidwa okwana maola 680,000. Pa zilankhulo zake pali Chiswahili, Chishona ndi Chilingala, koma Chinyanja palibe. Chingelezi ndi zilankhulo zina zikuluzikulu ndiye imazigwira bwino. MMS inabwera mu 2023 ndi zilankhulo zoposa 1,100, Chinyanja chili momwemo, ndipo imamva komanso kulankhula.

Ukangoona pamwamba, MMS yapambana. Koma funsani kumene inaphunzira. Mawu ake ambiri ndi a anthu owerenga Chipangano Chatsopano, modekha, m'chipinda chopanda phokoso. Ndi Chinyanja cha pa guwa chimenecho. Mayi wogulitsa tomato ku Soweto Market sanena kuti "ndidzabwera mawa", amati "nizabwela mailo", ndipo "mailo" ameneyu ndi wa Chibemba, amaimira dzulo komanso mawa. Mtengo autchula m'Chingelezi, kumbuyo maminibasi akuliza mahutala. Pulogalamu yoyitanitsira katundu ikasokoneza tsiku kapena mtengo, amene waluza ndalama ndi mayiyo, osati ife.

Palinso nkhani ya chilolezo, imene anzathu ambiri amaiwerenga mochedwa. MMS ndi yosachitira malonda. Whisper ili pa chilolezo cha MIT, mutha kuiphunzitsa, kuiika pa seva yanu (kompyuta yoyendetsera pulogalamu) n'kugulitsa ntchitoyo.

Ine ndimatenga Whisper, podziwa kuti ndatenga mlendo wofunika kumuphunzitsa. Poyambira pali Zambezi Voice, mawu amene ofufuza a pa University of Zambia anasonkhanitsa a Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chilozi. Pamwamba pake muwonjezere anu, ojambulidwa pa foni ku Matero, Kanyama kapena Chawama, eni mawuwo atavomera. MMS ndimaisungira kafukufuku ndi kuyesa msanga ngati ganizo lingagwire.

Pa ndalama pokha musadalire khutu la makina. Pulogalamu izibwereza mtengo mokweza, munthu n'kudina 1 kuvomera kapena 2 kukana, ngakhale ali pa kafoni ka mabatani.