Miyezi 14 ndi D&D ya 2024: mabuku akale musagulitse msanga

Mnzanga wina anandiimbira sabata yatha kufunsa ngati agulitse mabuku ake a Dungeons & Dragons a 2014 kuti agule a 2024. Awa ndi masewera a patebulo: aliyense amasewera ngati munthu wa m'nkhani (character), ndipo madayisi ndi amene amagamula zochitika. Ndinati achimwene, dikirani kaye, ndikulemberani bwinobwino. Gulu lathu lasewera ndi malamulo atsopanowa kwa miyezi 14 tsopano, pafupifupi Loweruka lililonse, osewera 5 ndipo DM, wotsogolera nkhani, ndine.

Zoyenda bwino ndingozitchula. Kumwa potion (mankhwala) tsopano ndi bonus action, kanthu kowonjezera kamene umachita pa turn yako, palibe wadandaulapo. Pa ma spell ochiritsa, Cure Wounds inachoka pa 1d8 (dayisi imodzi ya mbali 8) kufika pa 2d8, Healing Word pa 1d4 kufika pa 2d4, moti cleric wathu wasiya kung'ung'udza kuti kuchiritsa anzake n'kutaya nthawi. Exhaustion (kutopa) sitiisakanso m'buku: level iliyonse imachotsa 2 pa d20 (dayisi ya mbali 20) ndi mafiti 5 pa liwiro, ikafika 6 ndi imfa. Matanthauzo a malamulo anawasonkhanitsa kumapeto kwa Player's Handbook motsatira alifabeti, ndipo apa ndiye anaganiza bwino.

Maulendo akale akuyendanso popanda chovuta. Tikusewera Curse of Strahd ya 2016, ndipo sindinasinthe mapu, DC (nambala yoyenera kuifikira poponya dayisi) kapena chuma chobisika. Pomwe zimathina m'pamene character wakale wakhala patebulo limodzi ndi atsopano, chifukwa mawu ambiri akulembedwa chimodzimodzi koma tanthauzo linasuntha.

Mmodzi mwa osewera athu ali ndi rogue wa Assassin amene anayamba naye kale kwambiri, ndipo anakana kumusinthira ku malamulo a 2024. Ndinalola, poti ndinkaona ngati n'zazing'ono. Tsiku lina anakonza zobisalira alonda awiri pachipata. Anathera theka la ola akukonza za njira, mdima, ndani aime pati. Stealth inamuyendera, alonda sanamuone. Anaponya d20, namenya, n'kuyamba kutola madayisi owirikiza kawiri, chifukwa papepala lake la 2014 analemba kuti akamenya mdani amene wadzidzimutsidwa ndi critical basi.

Apa m'pamene ndinaima mutu. M'malamulo a 2014 wodzidzimutsidwa sayenda ndipo sachita kanthu pa turn yake yoyamba, ndiye zimadziwika kuti kudzidzimukako kwatha liti. Mu 2024 kudzidzimutsidwa ndi disadvantage pa initiative, basi: poona amene ayambe, umaponya ma d20 awiri n'kutenga nambala yaing'ono. Mlonda mmodzi anali ataponya bwino ngakhale ndi disadvantage yomweyo, ndipo turn yake inabwera rogue asanamenye. Kodi anali akadali wodzidzimutsidwa? Ine ndinkati ayi, mwini rogue ankati inde, ndipo aliyense anali atatsegula buku lomuikira kumbuyo. Tinakangana mphindi 40. Wina anatuluka kukayankha foni, anabwerera n'kutipeza tikadali pomwepo. Ndinamupatsa critical yakeyo kuti usiku usaonongeke, koma sabata yotsatira tinamusamutsira ku Assassin watsopano, amene amapeza advantage pa initiative ndi damage yowonjezera yofanana ndi level yake. Mpaka lero amati ndinamuchotsa mano.

Ndivomere kuti cholakwa chinali changa. Malangizo a opanga masewerawa amati subclass (nthambi ngati Assassin) ikalembedwanso mwatsopano, mugwiritse ntchito yatsopanoyo, ndipo yakale muitenge pokhapokha ngati ilibe yolowa m'malo. Koma ngakhale mutatsatira zimenezi, tizinthu totere timangotulukirabe. Paladin wathu anazolowera kuthira Divine Smite pa kumenya kulikonse. Tsopano ndi spell yodya bonus action, kamodzi pa turn, ndipo miyezi itatu yoyamba ndinkachita kumukumbutsa nkhondo iliyonse. Cleric wa Tempest mulibe m'buku latsopano, muli Life, Light, Trickery ndi War zokha, ndiye amene akumufuna amabwerera ku buku la 2014 n'kudikira level 3 kuti alandire zimene kale ankalandira pa level 1. Half-elf ndi half-orc nawonso anachotsedwa pamndandanda. Kumwamba kwa pepala la aliyense tsopano timalemba chaka ndi cholembera chofiira.

Chimene sindinkayembekezera ndi mimbulu. Ku Barovia, dziko la Curse of Strahd, mimbulu ndi yosawerengeka, ndipo poyamba ndinkagwiritsa ntchito Monster Manual (buku la zilombo) yakale. Ma character atsopano, ndi mphamvu zawo zowonjezera za origin feat komanso Weapon Mastery, ankaipha ngati akusewera. Fighter ankagwetsa chilichonse ndi Topple, mantha onse a nkhaniyi n'kutheratu. Nditagula Monster Manual ya February 2025 zinatembenuka. Mmbulu wakale ukaluma, umapatsa munthu mwayi wa Strength save ya DC 11 kuti asagwe. Watsopano ukangoluma, wagwa pansi, palibe zoponyanso dayisi. Usiku woyamba wizard anagwetsedwa katatu motsatizana, ndipo anthu anayambanso kuopa kutuluka m'mudzi dzuwa likalowa. Usiku umenewo ndinkaona ngati ndalama zanga sizinapite pachabe.

Masiku ena sindiona choncho. Buku lililonse mtengo wake ndi madola 49.99, ndipo mimbuluyi inandiphunzitsa kuti Player's Handbook yokha siyokwanira: osewera akakwera mphamvu, zilombo nazo ziyenera kukwera. Atatu onse, kuphatikizapo Dungeon Master's Guide, ndi pafupifupi madola 150, pa masewera amene ndinali nawo kale pashelefu. Dungeon Master's Guide ya November 2024 ndaitsegula mwina kasanu.

Wogulitsa wa pa intaneti amene ndinaodako Monster Manual ananditumizira yakale, poti dzina ndi lomwelo. Nditadandaula anayankha kuti zonse ndi fifth edition, zimagwirizana, palibe chifukwa chobwezera. Ndinachita kujambula tsamba la mmbulu n'kumutumizira. Anasintha patapita masabata atatu, koma ndalama zotumizira buku lolakwikalo ndinalipira ndekha, ndipo kumeneko sindidzagulanso.

Ndiye achimwene, ngati gulu lanu lili pakati pa ulendo, malizani ndi malamulo amene munayamba nawo. Mukadzayamba wina, gulani Player's Handbook ndi Monster Manual pamodzi, funsani wogulitsa chaka chake asanatumize, ndipo Dungeon Master's Guide mudzabwereke kwa ine.